Chipale chikagwa ku Minnesota, kodi sukulu ya kumudzi imatsekedwa ndi ndani?

Minnesota ndi chigawo cha kumpoto kwa dziko la America, kumalire ndi Canada. Sukulu kumeneko zimatsegulira kumayambiriro kwa Seputembala n'kutsekera kumayambiriro kwa Juni, ndipo pakati pa miyezi imeneyi pali inayi kapena isanu imene kunja kumakhala koopsa kwa mwana. Pa 2 Febuluwale 1996, pafupi ndi tawuni ya Tower, kunazizira mpaka madigiri 51 pansi pa ziro, ndipo sikunazizirepo kuposa pamenepo m'chigawo chonsecho. M'nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023, chipale chofewa chomwe chinagwa mumzinda wa Duluth chinakwana mamita atatu ndi theka tikachiwonkhetsa chonse. Koma musaganize kuti ana amangokhala m'nyumba kudikira dzuwa. Masiku ambiri a m'nyengo imeneyi sukulu imayenda monga mwa nthawi zonse, ndipo masiku otseka amachita kuwerengeka. Mutu umaima pa masiku owerengekawo, pofuna kudziwa kuti lotseka ndi liti.

Munthu wongomva nkhaniyi angaganize kuti sukulu imatsekedwa chipale chikachuluka. Si choncho kwenikweni. Nyumba ya sukulu payokha ndi malo abwino kwambiri okhalako tsiku lozizira: muli makina otenthetsa, muli chakudya, muli akuluakulu oyang'anira ana. Vuto lili pamtunda wa pakati pa khomo la mwana ndi khomo la sukulu. Ndipo mtunda woyenera kuuganizira si wa mwana wa pafupi, koma wa mwana uja amene amakwera basi woyamba m'mawa, n'kutsika womaliza madzulo.

M'chigawochi muli madera a zamaphunziro oposa 300. Dera lililonse lili ndi bodi yosankhidwa ndi anthu a komweko, ndipo bodiyo imalemba ntchito mkulu wa maphunziro wa deralo. Iyeyu ndiye ali ndi mphamvu yonena kuti lero kulibe sukulu. Bwanamkubwa wa chigawo amalowererapo mwa apo ndi apo. Bwanamkubwa Arne Carlson anatseka sukulu zonse katatu chifukwa cha kuzizira, mu 1994, 1996 ndi 1997, ndipo Mark Dayton anachitanso chimodzimodzi pa 6 Januwale 2014. Koma kutazizira koopsa kumapeto kwa Januwale 2019, mpaka a positi ofesi n'kusiya kuyenda ndi makalata, bwanamkubwa wa nthawiyo, Tim Walz, anasiyira madera kuti aliyense aone yekha. Ndimaona kuti anachita bwino. Nyengo ya kum'mwera kwa chigawo si ya kumpoto, ndipo ngakhale m'dera limodzi zinthu zimasiyana. Dera la zamaphunziro la St. Louis County, kumpoto chakum'mawa, kukula kwake n'kofanana ndi boma lonse la Mzimba, koma ana ake ndi pafupifupi 2,000 basi. Kumalo ngati amenewo, mbali ina kukhoza kukhala kuli ngwee pomwe mbali inayo munthu sakuona n'komwe mphuno ya galimoto yake.

Tsiku lokayikitsa limayamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Mkulu wa maphunziro amaliza galimoto yake, woyang'anira mabasi nayenso yake, n'kugawana misewu. Sayenda pamsewu waukulu wa phula, poti umenewo umakhala woyamba kukonzedwa. Amalowa m'timisewu ta miyala topita kumafamu. Amaponda buleki dala kuti amve ngati matayala akugwira. Amaona pamene mphepo yaunjika chipale chopingasa msewu, n'kudzifunsa ngati basi ya ana makumi asanu ingachiboole. Amaimanso pamalo amene basi imatembenukira, chifukwa basi ikhoza kufika bwinobwino kumapeto kwa msewu n'kukatitimira potembenuka. Uku foni ili kukhutu: akulankhula ndi oyendetsa zigalimoto zokankha chipale, apolisi a m'deralo, ndi akuluakulu a maphunziro a madera oyandikana nawo, makamaka a kumadzulo komwe nyengo nthawi zambiri imachokera. Pofika cha m'ma 5:30 ayenera kukhala atagamula, chifukwa madalaivala amanyamuka 6 koloko isanakwane kwenikweni, ophika ali kale panjira, ndipo makolo ogwira ntchito m'mawa akufuna kudziwa komusiya mwana. Kale anthu ankakhala pafupi ndi wailesi, monga ya WCCO, kudikira kuti dzina la sukulu yawo litchulidwe pamndandanda wautali. Lero uthenga umabwera pafoni, koma amene akuutumiza ndi munthu yemweyo, ali m'galimoto mumdima, akugamula za 3 koloko masana ndi zimene akuona 5 koloko m'mawa.

Mdani wamkulu si chipale chogwa ayi, koma mphepo. A zanyengo a dzikolo amati kwabwera namondwe wa chipale ngati mphepo ikuthamanga makilomita 56 pa ola kapena kuposa, munthu n'kumalephera kuona kupyola mamita 400, ndipo zikatero kwa maola atatu. Taonani kuti pamenepa sanatchulepo kuti chipale chikhale chikugwa. Kumadzulo kwa Minnesota, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Red, dziko ndi lathyathyathya ndipo m'minda mumakhala mbee akakolola. Chipale chomwe chinagwa dzana, chouma ndi chopepuka, mphepo imachinyamula n'kumachiulutsa mwakuti kumwamba kuli dzuwa koma pansi kuli zii, koyera kokhakokha. Apa ndiye pamabuka mkangano wa chaka ndi chaka. Kholo la m'tawuni, komwe nyumba ndi mitengo zimatchinga mphepo, limasuzumira pawindo n'kuona kunja kuli bwinobwino, n'kuyamba kudandaula kuti akuluakulu a sukulu ndi amantha. Pomwe makilomita asanu okha kunja kwa tawuniyo dalaivala sangasiyanitse msewu ndi ngalande.

Kuzizira nako kuli ndi masamu ake. Mphepo imachotsa msanga kutentha pakhungu, choncho a zanyengo amalengeza manambala awiri: kuzizira kwenikweni, ndi momwe thupi likukumvera mphepo ikamawomba. Nambala yachiwiriyi ikafika cha m'ma 37 pansi pa ziro, khungu losaphimba likhoza kuuma n'kuwonongeka m'mphindi pafupifupi khumi, ndipo madera ambiri amatseka zikafika cha pamenepo. Mphindi khumi zikuoneka zambiri mwana akangotuluka m'nyumba n'kukwera basi. Koma kumafamu nyumba zambiri zili patali ndi msewu, ndipo mwana amakaima kumapeto kwa kanjira, nthawi ya Disembala kunja kusanache. Basi ikachedwa ndi mphindi makumi awiri chifukwa inatitimira kwina, mwanayo sadziwa. Amangodikira, mwina wopanda magolovesi poti ana ndi ana.

Ndiyetu pali nkhani ya dizilo. Kukazizira kwambiri, dizilo amayamba kugwirana n'kutseka zosefera mafuta, injini n'kuzima. Pofuna kupewa zimenezi, amasakaniza dizilo wopepuka wa m'nyengo yozizira, ndipo usiku mabasi amawalumikiza kumagetsi kuti injini isazizire. Ngakhale lamulo la chigawochi lokhudza mafuta ochokera ku zomera limatsatira nyengo: m'miyezi yotentha dizilo amakhala ndi magawo 20 pa 100 a mafuta amenewa, koma m'miyezi yozizira amatsitsa kufika pa 5. Basi yolephera kulira pagalaja si vuto lalikulu. Yoopsa ndi imene yalira bwinobwino, yanyamula ana, kenako n'kukazima pakati pa minda. Injini ikazima, motenthetsera monse mwazimanso. Madzi oundana pamsewu nawo amavuta mwa mtundu wawo, chifukwa mchere umene amawaza pamsewu umasiya kugwira bwino ntchito kukazizira kupitirira madigiri 9 pansi pa ziro, ndipo timisewu ta miyala sitiwazidwa mchere n'komwe.

Pakati pa kutseka ndi kutsegula pali njira zina. Yodziwika kwambiri ndi yoyamba mochedwa ndi maola awiri. Maola awiriwo amagula zinthu zitatu: kuwala kwa dzuwa, mpata woti okankha chipale adutse, ndi mpata woti mkulu uja aonenso momwe kunja kukukhalira. Nthawi zina kuchedwako kumasanduka kutseka pofika 7:30, zomwe makolo amadana nazo kwambiri chifukwa amakhala atakonza kale pulogalamu yawo. Njira ina n'kunena kuti mabasi ayenda pamisewu ya phula kapena yokonzedwa yokha, ndipo kholo la kufamu limubweretse mwana pamphambano. Zikumveka zanzeru, koma kunena zoona n'kungosamutsa chiopsezo kuchoka kwa dalaivala wodziwa ntchito kupita kwa kholo, kapena kwa mnyamata wa zaka 16 amene wangotenga kumene laisensi n'kumayendetsa azing'ono ake.

Chigamulo chovuta kuposa zonse ndi choweruka msanga, ndipo anthu a kumeneko anachiphunzira ndi maliro. Pa 12 Januwale 1888 kunacha kofunda bwino m'madera a Nebraska, Dakota ndi Minnesota, moti ana ambiri anapita kusukulu osavala zokwanira. Masana namondwe anafika modzidzimutsa. Anthu pafupifupi 235 anafa, kuphatikizapo ana ambiri amene anali panjira yobwerera kwawo. Ambiri mwa aphunzitsi omwe anasunga ana m'kalasi usiku wonse, n'kumasonkhezera moto ndi chilichonse chomwe chinalipo, anawapulumutsa. Pa 26 Malichi 1931, pafupi ndi Towner ku Colorado, aphunzitsi a sukulu ya Pleasant Hill anaona kuti nyengo ikuipa n'kukweza ana 20 m'basi m'mawa womwewo. Dalaivala, Carl Miller, anasokera mu chipale, basi n'kugwera m'ngalande. Anakhala momwemo maola 33. Ana asanu anamwalira, ndipo dalaivalayo, yemwe anatuluka kukafuna thandizo, anapezeka atafa.

Kuchokera m'mbiri zoterezi munatuluka nzeru yomwe ikugwirabe ntchito: ngati uweruke msanga, weruka namondwe asanafike, ndipo akakhala kuti wafika kale, ana asatuluke. Kuwerutsa ana 12 koloko sikungoliza belu. Madalaivala ambiri a kumudzi ndi alimi kapena opuma pantchito amene masana amakhala kwina, ndiye ayenera kuitanidwa mmodzimmodzi. Chakudya cha masana chiyenera kudyedwa kaye. Ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akhoza kutsitsidwa pakhomo lokhoma, makolo ali kuntchito makilomita 60 kutali. N'chifukwa chake m'madera ena a ku Minnesota ndi ku Dakota mukadali mwambo woti kumayambiriro kwa chaka kholo la kufamu limalemba pafomu dzina la banja la m'tawuni komwe mwana wake angakagone misewu ikatsekeka. Palinso mkulu wa maphunziro amene amasankha kutseka kuyambira m'mawa kunja kukuoneka bwino, chifukwa choopa masana. Namondweyo akapanda kubwera, tsiku lonse amakhala nkhani ya m'tawuni.

Tsiku lotsekedwa silipita ulele, ndi ngongole. Lamulo la Minnesota limafuna masiku ophunzira osachepera 165 pachaka, komanso maola 935 kwa ana a giredi 1 mpaka 6 ndi maola 1,020 kwa a giredi 7 mpaka 12. Madera ambiri amaika masiku ochulukirapo pakalendala kuti pakhale potapa. Akatha amenewo, amayamba kudya matchuthi a pakati pa chaka, masiku a misonkhano ya aphunzitsi, kenako n'kuwonjezera masiku mu Juni. Koma tsiku la mu Juni silifanana ndi la mu Febuluwale. Mayeso a chigawo amakhala atalembedwa kale pakati pa Malichi ndi Meyi, omaliza sukulu atsazikidwa kale, ndipo ana okulirapo maganizo ali pa maganyu a m'chilimwe. Tsikulo limabwezedwa papepala, koma phunziro lomwe linafunika mayeso asanafike lapita. Madera ochepa omwe amaphunzira masiku anayi pasabata, monga MACCRAY yomwe inayamba zimenezi mu 2008 mafuta atakwera mtengo, amakhalako ndi pothawira, poti tsiku lopuma lija likhoza kusanduka lobwezera. Mu 2019, chaka chomwe Febuluwale anagwetsa chipale pafupifupi mita yathunthu m'mizinda ya Minneapolis ndi St. Paul, masiku otseka anachuluka mwakuti nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera lolola madera kuwerengera masiku otsekawo ngati ophunzira.

Mu 2017 chigawochi chinavomereza kuti dera likhoza kukhala ndi masiku ofika asanu pachaka ophunzirira kunyumba nyengo ikaipa, ndipo amawerengedwa ngati masiku a sukulu. Lamulolo limati makolo adziwitsidwe kutatsala maola awiri kuti nthawi yoyambira ikwane, aphunzitsi azipezeka pa intaneti ndi pafoni nthawi yonse ya sukulu, ndipo pakhale njira yothandizira ana omwe kwawo kulibe intaneti. Mliri wa Covid-19 utadutsa, ana ambiri anatsala ndi makompyuta a sukulu, ndipo masiku amenewa anafala. Kumudzi zinthu sizikhala zosalala choncho. Namondwe yemwe watseka msewu ndi yemweyo amagwetsa mawaya a magetsi. Nyumba ya ana atatu imakanganirana intaneti yofooka, wamkulu akulera ang'ono, ndipo mwana wa pafamu ya ziweto tsiku ngati limeneli ndi limene amafunika kwambiri kukhola, kuswa madzi oundana kuti ng'ombe zimwe. Aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono ambiri amangotumiziratu mapepala a ntchito m'chikwama cha mwana kumayambiriro kwa nyengo, zomwe n'zanzeru, kungoti ntchito yokonzedwa mu Novembala singakhale phunziro lotsatira la mu Febuluwale. Imakhala yongobwereza. Ine ndimaona masiku amenewa ngati njira yopulumutsira kalendala kusiyana ndi kupulumutsa phunziro, ngakhale kuti kwa ana a kusekondale omwe ali ndi intaneti yabwino amathandizadi.

Pali anthu ena amene saoneka m'nkhani za pawailesi. Mphunzitsi malipiro ake ndi a pachaka, sukulu itseke isatseke. Koma ophika, madalaivala ndi othandizira m'kalasi amalipidwa pa ola, ndipo sabata ya namondwe imatanthauza sabata yopanda ndalama nthawi imene bilu yotenthetsera nyumba ili pamwamba. Lamulo la 2019 lija linalamula kuti anthu amenewa alipidwe kapena apatsidwe mpata wobwezera maola awo, ndipo mu 2023 anawonjezera kuti tsiku lophunzirira kunyumba antchito onse azilandira malipiro athunthu. Chaka chomwecho cha 2023 Minnesota inayamba kupereka chakudya cha m'mawa ndi cha masana mwaulere kwa ana onse m'sukulu. Ndiye kutseka sukulu ndi kutsekanso khitchini. Kwa banja losauka, masiku atatu otsatizana opanda sukulu ndi mbale zisanu ndi imodzi pa mwana aliyense zomwe sizinali m'bajeti, ndipo kuyamba mochedwa ndi maola awiri nako nthawi zambiri kumadya chakudya cha m'mawa. Wokonza pasukulu yekha ndiye alibe tchuthi. Ayenera kufika ndithu kuti aone ngati makina otenthetsa akuyenda, chifukwa paipi ikaundana n'kuphulika Loweruka, Lolemba amapeza makalasi ali madzi okhaokha.

M'kati mwa tsiku lenilenilo mumasinthanso zambiri. Sukulu ikayamba mochedwa kasanu, n'kumangodula maphunziro awiri oyambirira, ndiye kuti mphunzitsi wa masamu wa m'mawa wataya sabata yathunthu pomwe mnzake wa masana sanataye kanthu. Ahedi ochenjera amafupikitsa maphunziro onse pang'onopang'ono m'malo modula ena. Nthawi yopuma, sukulu zambiri zimatulutsabe ana kukasewera panja pokhapokha kukazizira kufika cha m'ma 18 pansi pa ziro kapena kupitirira. Zikafika apo ana amakhala m'kati, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa phokoso la kalasi yomwe yatha sabata osathamanga. Masewero nawo ali ndi mutu wawo. Nyengo yozizira ndi ya basiketibolo, hoke (masewero a pa madzi oundana) ndi kulimbana, ndipo timu ya kumudzi imayenda maola awiri kapena atatu n'kubwerera usiku. Madera ambiri amati sukulu ikatsekedwa, masewero a tsikulo aimanso. Madzulo kukayera, makochi amachita kulira nalo lamuloli.

Nanga kutseka kumawononga maphunziro motani? Ofufuza sanena chimodzi. Dave Marcotte ndi Steven Hemelt, mu 2008, anapeza kuti ku Maryland zaka za masiku ambiri otseka mwadzidzidzi ana a makalasi ang'onoang'ono ankakhoza mochepera pa mayeso a chigawo. Koma Joshua Goodman, mu 2014, atasanthula za ku Massachusetts, anapeza china chochititsa chidwi: masiku otseka sukulu yonse sankaonetsa kutsitsa makhozedwe, pomwe kujomba kwa ana ena sukulu ili yotsegula kunkatsitsa, makamaka masamu. Chifukwa chake mphunzitsi aliyense angachimvetse. Kalasi yonse ikajomba, mawa mumayambira pomwe munalekezera. Koma akabwera theka, mphunzitsi amasowa chochita. Akapitiriza, ojomba atsalira. Akadikira, obwera ataya tsiku, ndipo mawa abwerezanso zomwezo.

Izi zimaluma kwambiri kumudzi, chifukwa theka lojombalo silikhala losakanikirana. Ndi ana omwewomwewo nthawi zonse, a kumapeto kwa timisewu ta miyala. Madera ambiri amauza makolo kuti mawu omaliza ndi awo, ndipo ukaona kuti msewu wako ndi woopsa, mwana akhale pakhomo ndipo sadzalembedwa ngati wothawa sukulu. Ndi lamulo lachifundo, ndipo palibe angalitsutse. Koma mkulu wa maphunziro akamalidalira kwambiri, n'kumatsegula masiku okayikitsa poti ana a m'tawuni afika, pofika Malichi mwana wa kufamu amakhala ataphonya masiku angapo omwe sadzabwezedwa mu Juni, chifukwa m'kaundula sukulu inali yotsegula.